Kusamalira wodwala shuga m'chipatala ndi kunyumba: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anamwino a m'mawodi ndi m'zipatala zazing'ono, ophunzira unamwino, ndi achibale odikirira odwala. Milingo ya mankhwala imene tatchula ndi ya akuluakulu, kupatula pamene tanena kuti ndi ya ana, ndipo siilowa m'malo mwa zimene dokotala walembera wodwala wanu.

Shuga afike pati kuti tinene kuti munthu ali ndi matendawa?

Akayezedwa m'mawa atatha maola 8 osadya kanthu, malire ndi 7.0 mmol/L. Akayezedwa nthawi ina iliyonse, malire ndi 11.1 mmol/L, koma pakhalenso zizindikiro: ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukakodza, kuwonda pamene munthu akudya bwinobwino, kufooka, kuona mwachimbuuzi, zithupsa zobwerabwera, kapena kuyabwa kumaliseche. Kumene kuli makina a HbA1c, omwe amaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi 2 kapena 3 yapitayi, malire ndi 6.5%. Wopanda zizindikiro musamuuze kuti ali ndi shuga mutangomuyeza kamodzi, abwerenso tsiku lina. HbA1c nayo imasocheretsa kwa munthu wochepa magazi kwambiri, wa sickle cell, kapena amene wangowonjezeredwa kumene magazi.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza shuga mwa 5.6% ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64, m'tauni ndi kumudzi komwe. Choncho mayi wowonda wochokera kumudzi amene akudandaula ludzu ndi kukodzakodza ayezedwe, musati poti sanenepa ndiye kuti shuga alibe.

Nanga kudziwa mtundu wa shuga kumamuthandiza chiyani namwino?

Kumathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu. Wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amakhala mwana kapena wachinyamata, thupi lake lasiyiratu kupanga insulini, timadzi timene timathandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. Ameneyu jakisoni sadumphitsa, kaya akudwala, kaya sakudya, kaya akupita ku opaleshoni. Mlingo ungathe kuchepetsedwa, koma kusiyiratu ayi, chifukwa pa tsiku limodzi kapena awiri akhoza kufika pa ngozi ya DKA imene tailongosola m'munsimu. Wa mtundu wachiwiri insulini ali nayo, koma ndi yochepa kapena thupi siliimvera bwino. Amayamba ndi kusintha kadyedwe ndi mapilitsi, ndipo ambiri pakapita zaka amadzafunanso jakisoni. Izi muwauziretu koyambirira, kuti tsiku lolemberedwa insulini asadzaganize kuti afika kumapeto.

Kuyeza pachala n'kophweka. Chimalakwika n'chiyani?

Choyamba ndi manja osasamba. Munthu amene wangodya mango kapena nzimbe amakhala ndi shuga pakhungu, ndipo makina amawerenga shuga ameneyo. Asambe ndi sopo, aumitse. Mukapukuta ndi sipiriti dikirani aume. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakatikati pamene pamapweteka kwambiri, ndipo musafinye chala mwamphamvu ngati magazi akukana, chifukwa madzi a m'minofu amasungunula dontho. Dzanja lozizira litenthetseni kaye. Musayeze pa dzanja limene pakuyenda dripi ya dextrose, omwe ndi madzi a shuga.

Masitiripi amawonongeka ndi chinyezi. Kabotolo katsekedwe mukangotulutsa imodzi, ndipo onani tsiku lothera mphamvu.

Cholakwika choopsa kuposa zonsezi ndi kusokoneza miyeso. M'zipatala zathu muli makina osiyanasiyana, ena owerenga mmol/L, ena mg/dL. Kuchoka ku mg/dL kupita ku mmol/L mumagawa ndi 18, ndiye 126 mg/dL ndi 7.0 mmol/L, ndipo 200 mg/dL ndi 11.1 mmol/L. Makina akaonetsa 40, wina amene anazolowera mmol/L angaganize kuti shuga wakwera zedi n'kuthamangira insulini, pamene zoona zake ndi 40 mg/dL, kutanthauza 2.2 mmol/L, munthu ali pafupi kukomoka. Nambala iliyonse yolembedwa pa tchati ikhale ndi muyeso wake, nthawi yake, ndi mawu onena ngati wodwala anali atadya kapena ayi.

Shuga akatsika kwambiri tichite chiyani?

Funso ili ndilo loyenera kuloweza, pakuti shuga wokwera amapha pa maola kapena masiku, pamene wotsika amawononga ubongo munthu mukumuyang'ana. Malire ndi 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL. Pansi pa 3.0 ndi pangozi.

Zizindikiro zoyamba ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, mtima kugunda mofulumira, njala yadzidzidzi ndi mutu. Kenaka munthu amasokonezeka, amalankhula molemera lilime, amakwiya popanda chifukwa, amayenda dzandidzandi ngati woledzera, mpaka kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Agogo amene adwala shuga zaka zambiri, ndi amene amamwa mankhwala a mtima ndi BP a atenolol kapena propranolol, nthawi zina zizindikiro zoyambazo sazimva, amangopezeka asokonezeka. Wodwala shuga aliyense amene khalidwe lasintha mwadzidzidzi ayezedwe pomwepo. Ngati masitiripi palibe, muthandizeni ngati kuti shuga watsika. Shuga pang'ono kwa amene wakwera kale sapha, koma kudikira kumapha amene watsika.

Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni magalamu 15 a shuga: masupuni a tiyi 3 kapena 4 osungunula m'madzi, kapena theka la tambula ya Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja. Dikirani mphindi 15, yezaninso. Akakhala kuti sanapose 3.9 bwerezani. Akakwera mudyetseni chakudya chokhalitsa m'mimba, monga phala, nsima, mbatata kapena buledi, apo ayi atsikanso.

Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali. Wamkulu mupatseni dextrose wa 50%, mamililita 25 mpaka 50, pang'onopang'ono mu mtsempha waukulu, kenaka tsukani kanyula ndi normal saline (madzi a mchere a mu dripi), chifukwa mankhwala amenewa akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu. Mwana amalandira dextrose wa 10%, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse. Ngati pali wa 50% yekha, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 4 a madzi a jakisoni, mupeza wa 10%. Mtsempha ukavuta, kapena ngati muli kunyumba, nyowetsani shuga wa supuni imodzi ndi timadontho ta madzi, muike pansi pa lilime kapena mupake mkati mwa tsaya, uku mukukonza ulendo wa kuchipatala.

Akatsitsimuka ntchito sinathe. Funsani chimene chatsitsa shuga: kodi anabaya koma osadya, anawonjezera mlingo, analima nthawi yaitali, anamwa mowa, kapena impso zayamba kufooka? Mowa, makamaka kachasu womwa pamimba yopanda kanthu, umatsekereza chiwindi kutulutsa shuga, ndipo munthu amakomoka usiku anzake akuti wagona ndi mowa. Wodwala malungo amene ali pa quinine nayenso shuga amatsika. Ndipo amene amamwa mapilitsi a shuga a glibenclamide musamutulutse atangodzuka. Mankhwalawa amakhala m'thupi nthawi yaitali, shuga amatsikanso, choncho agonekedwe osachepera maola 24 pa dripi ya dextrose wa 10%, akuyezedwa pafupipafupi.

Nanga wobwera shuga atakwera, akusanza ndi kupuma mwamphamvu?

Ganizirani DKA (diabetic ketoacidosis), ngozi yobwera chifukwa chosowa insulini. Thupi likasowa insulini limayamba kuwotcha mafuta, mafutawo amatulutsa maketoni, ndipo magazi amadzaza asidi. Wodwala amakhala wouma pakamwa, maso olowa, akusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wake ukununkhira ngati zipatso zopsa kwambiri. Kupumako ambiri amakuyesa chibayo, ndipo kupweteka kwa m'mimbako kumatengera ena kwa madokotala a opaleshoni. Yezani shuga ndi maketoni a mu mkodzo. Makina akalemba HI ndiye kuti shuga wapitirira pamene iwo amalekezera, pa makina ambiri ndi cha m'ma 33 mmol/L.

Choyamba ndi madzi, insulini pambuyo. Wamkulu amalandira lita imodzi ya normal saline pa ola loyamba, malita awiri otsatira iliyonse pa maola 2, kenaka lita pa maola 4, uku mukumvetsera m'chifuwa mwa okalamba ndi a vuto la mtima kuti madzi asachuluke. Insulini yake ndi yofulumira ija yooneka ngati madzi, mayuniti 0.1 pa kilogalamu pa ola. Kumene kulibe pampu, imabayidwa mu mnofu ola lililonse monga walembera dokotala. Kubaya pansi pa khungu munthu ali wouma sikuthandiza, poti magazi safika bwino pakhungupo.

Potaziyamu, mchere wa m'magazi wofunika pa kugunda kwa mtima, ndiye amapha mwakachetechete. Insulini imamulowetsa m'maselo, m'magazi amatsika, mtima n'kusokonekera. Akapezeka pansi pa 3.3 mmol/L insulini imadikira kaye. Potaziyamu amathiridwa m'thumba la dripi wodwala akayamba kukodza, n'kusakaniza bwino. Sabayidwa mwachindunji mu mtsempha ngakhale pang'ono.

Shuga muyezeni ola lililonse. Azitsika pafupifupi 3 mmol/L pa ola. Akafika pansi pa 14, musazimitse insulini. Onjezani dextrose mu dripi, insulini ipitirire mpaka maketoni atatha ndipo wodwala wayamba kudya. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amaona nambala yabwino n'kusiya insulini, asidi n'kubwereranso. Jakisoni woyamba wa pansi pa khungu abayidwe mphindi 30 mpaka 60 insulini ya mu dripi isanachotsedwe. Lembani madzi olowa ndi mkodzo wotuluka, ndipo funani chimene chayambitsa: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, chilonda cha kuphazi, kapena insulini inatha kunyumba.

Kwa ana madzi amayenda mosamala kwambiri, ndipo insulini imayamba patatha ola limodzi madzi atayamba. Mwana amene anayamba kupeza bwino kenaka n'kudandaula mutu, kuwodzera, kapena mtima kugunda pang'onopang'ono, ubongo ukhoza kukhala ukutupa. Kwezani kumutu kwa bedi, chepetsani dripi, itanani dokotala nthawi yomweyo.

Pa mapilitsi tiyang'anire chiyani?

Metformin amayamba pa 500 mg kamodzi patsiku, womwa pakudya, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono sabata ndi sabata, kawirikawiri mpaka 2,000 mg patsiku. Masiku oyamba amachititsa nseru ndi kutsekula m'mimba, ndipo amene sanachenjezedwe amangosiya osanena. Payekha satsitsa shuga mopyola. Aimitsidwe munthu akauma thupi ndi kusanza kapena kutsekula, akadwala kwambiri, kapena eGFR, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, ikatsika pansi pa 30.

Glibenclamide amayamba pa 2.5 mg kapena 5 mg m'mawa chakudya chili pafupi. Lamulo lake ndi lakuti ngati palibe chakudya, piritsi lisamwedwe. Kwa opitirira zaka 60 ndi a impso zofooka si mankhwala abwino, ndipo kumene gliclazide akupezeka ndiye woyenera. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku uku ntchito ya kumunda ili yambiri, funsani mosabisa kuti pakhomo akudya kangati. Mlingo umene unali bwino nthawi yokolola ukhoza kugwetsa munthu nthawi ya njala.

Onaninso mankhwala ena m'buku la kuchipatala. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa m'Malawi masiku ano, amachulukitsa metformin m'magazi, choncho mlingo kawirikawiri supitirira 1,000 mg patsiku. Rifampicin wa TB amafooketsa glibenclamide, shuga n'kukwera. Prednisolone amakweza shuga makamaka masana ndi madzulo. Ndipo poti wodwala shuga amatenga TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa ena, chifuwa chokhalitsa chisanyozedwe.

Insulini ilipo ya mitundu ingati, ndipo imabayidwa nthawi yanji?

M'zipatala za boma mumapezeka kwambiri mitundu itatu. Yooneka ngati madzi, monga Actrapid, imayamba kugwira pakatha mphindi 30, imafika pachimake pa maola 2 mpaka 4, n'kutha pa maola 6 mpaka 8. Yooneka ngati mkaka, monga Insulatard kapena Protaphane, imayamba pa ola limodzi kapena awiri, ndipo imakhala m'thupi theka la tsiku kapena kuposa. Yachitatu ndi yosakaniza kale ya 30/70, kutanthauza magawo 30 a yofulumira ndi 70 a yochedwa. Amene amabaya kawiri patsiku kawirikawiri amalandira magawo awiri mwa atatu m'mawa, gawo lotsalalo madzulo.

Yofulumira ndi yosakaniza zimabayidwa mphindi 30 munthu asanadye. M'wodi vuto ndi lakuti nthawi yogawa mankhwala ndi nthawi ya phala sizikumana. Musabaye 6 koloko pamene phala lifika 8 koloko. Funsani wodikirira ngati chakudya chapsa, ndipo mukabaya bwererani mukaone ngati wodwala wadyadi. Mbale yobwerera yodzaza ndi nkhani yoti inenedwe posinthana shifiti.

Polemba mlingo, lembani mawu onse akuti mayuniti. Chilembo cha U cholembedwa mothamanga chimaoneka ngati 0, ndipo 6 amasanduka 60.

Kabayidwe koyenera ndi kotani?

Sambani m'manja. Onani dzina ndi tsiku pa kabotolo. Yamkaka ipukuseni pakati pa zikhatho maulendo 10 mpaka 20 kufikira itafanana paliponse, osaikhutchumula. Sirinji igwirizane ndi insulini: ya U-100 ipite ndi insulini ya U-100 (mayuniti 100 pa mililita imodzi), ndipo sirinji wamba ya mamililita 2 si yobayira insulini. Kokani mpweya wofanana ndi mlingo, ulowetseni m'kabotolo, tembenuzani, kokani insulini, chotsani thovu. Mukamasakaniza mitundu iwiri mu sirinji imodzi, yambani ndi yamadzi, yamkaka pambuyo, kuti yamkaka isalowe m'kabotolo ka yofulumira n'kuichedwetsa.

Malo obaya ndi pamimba, kutalikira mchombo ndi zala ziwiri, kunja kwa ntchafu, ndi kumtunda kwa matako. Pamimba insulini imalowa msanga kuposa pantchafu. Tsinani khungu ndi zala ziwiri, makamaka kwa ana ndi owonda, lowetsani singano mowongoka, kankhani, werengani mpaka 10 musanazule, ndipo musatikite.

Jakisoni aliyense atalikirane ndi wadzulo ndi mpata wa chala chimodzi. Odwala amakonda kubaya pamodzimodzi chifukwa pamasiya kupweteka, ndipo pamatupa kachotupa ka mafuta kolimba pang'ono. Insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika, lero shuga 18, mawa 3. Pa kiliniki musangofunsa, wodwala avule mukhudze ndi dzanja. Mukamusamutsira pakhungu labwino, mlingo nthawi zambiri umafunika kuchepetsa, chifukwa insulini yonse iyamba kulowa.

Singano zogwiritsidwa kale ntchito aziponya m'chigubu cholimba chokhala ndi chivindikiro, n'kubwera nacho kuchipatala.

Kwathu kulibe firiji. Insulini tiisunge bwanji?

Yosatsegula imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana yawonongeka. Kabotolo kamene mwayamba kugwiritsa ntchito kamatha milungu 4 kunja kwa firiji ngati kali pamthunzi. Kafukufuku wa Médecins Sans Frontières ndi University of Geneva, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti insulini inasunga mphamvu kwa milungu 4 pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumakhalira ku kampu ya othawa kwawo ya Dagahaley ku Kenya. Izi n'zolimbikitsa kwa a ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, komabe kusamala kukufunika.

Njira yodalirika ndi ya miphika iwiri yadothi, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, pamalo podutsa mphepo. Kabotolo kakhale m'kachitini kapena m'pulasitiki kuti pepala la dzina lisafufutike. Musaike pawindo, pafupi ndi moto, kapena pamwamba pa khoma pansi pa malata. Lembani tsiku lotsegulira. Yamadzi ikachita mbuu, kapena yamkaka ikachita timibulu tosasungunuka, itayeni.

Kodi wodwala shuga asiye nsima?

Ayi, ndipo malangizo oletsa chilichonse ndi amene amathawitsa anthu ku kiliniki. Nkhani ndi kuchuluka. Gawani mbale: theka likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, kholowa kapena therere, gawo limodzi mwa anayi likhale nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira kapena nyama, gawo lotsalalo nsima, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera cha mwini wakeyo. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa cha gaga, koma mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Mpunga, kondowole, mbatata, chinangwa ndi nthochi zophika zili m'gulu limodzi ndi nsima, choncho pa chakudya chimodzi asankhepo chimodzi.

Zoyenera kusiya ndi zakumwa zotsekemera: Sobo, Fanta, thobwa lothira shuga, maheu ogula, tiyi wa masupuni atatu. Uchi nawo ndi shuga. Zipatso adye, koma bango limodzi laling'ono pa nthawi, osati beseni. Chakudya chigawidwe katatu patsiku pa nthawi zofanana, ndipo wa insulini asapite kumunda kapena pa ulendo wa njinga wopanda maswiti kapena shuga m'thumba. Malangizo amenewa amve ndi amene amaphika pakhomopo. Kulangiza bambo okha mayi ali kunja n'kutaya nthawi.

Akadwala malungo kapena kutsekula m'mimba kunyumba, mankhwala apitirize?

Insulini apitirize. Matenda amakweza shuga ngakhale munthu sakudya. Amwe madzi pafupipafupi, ndipo ngati nsima ikukanika amwe phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Wosanza kapena wotsekula kwambiri aimitse metformin, ndipo glibenclamide asamwe ngati sakudya. Amene ali ndi makina ayeze maola 4 alionse. Apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati kusanza sikuleka, ngati shuga wakhala pamwamba pa 15 mmol/L pa miyeso iwiri yotsatana, ngati akupuma mwachilendo, kapena akuwodzera.

N'chifukwa chiyani timalimbikira za mapazi?

Shuga wokhalitsa amapha mitsempha yomvera ululu, kuyambira ku zala za kuphazi, ndipo amachepetsa magazi ofika kumeneko. Munthu amayamba ndi dzanzi, kuyaka kwa mapazi usiku, kapena kumva ngati waponda thonje. Kenaka samva kanthu. Munga, msomali, kamwala ka mu nsapato, thekenya, ngakhale khoswe woluma usiku, zonse zimadutsa osadziwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi timaona matuza a moto, munthu atayandikitsa mapazi pa mbaula mpaka kupsa. Miyendo yambiri imene imadulidwa inayamba ndi kabala kotere.

Wodwala shuga aliyense avule nsapato zonse ziwiri pa kiliniki. Yang'anani pansi pa phazi, pakati pa zala, ndi ming'alu ya ku chidendene. Gwirani kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo cham'kati. Yezani kumva ndi kaulusi kolimba kotchedwa monofilament ya magalamu 10: wodwala atsinzine, kanikizani mpaka kaulusiko kapindike, pansi pa chala chachikulu ndi pansi pa mutu wa fupa la chala choyamba ndi chachisanu, kupewa pakhungu lokhakhala. Pakasowa kachipangizoka, khudzani mopepuka nsonga za zala ndi chala chanu, iye anene ngati wamva.

Kunyumba asambitse mapazi tsiku lililonse ndi madzi ofunda amene wayesa ndi chigongono, aumitse pakati pa zala, apake Vaseline ku chidendene koma osati pakati pa zalapo. Zikhadabo awenge mowongoka. Lezala isayandikire phazi, ndipo mwala wokwechera ming'alu augwiritse mopepuka kapena ausiye. Asayende chopanda nsapato ngakhale pabwalo, ndipo asanavale azikutumula nsapato n'kupisamo dzanja. Wosaona bwino amuyang'anire wachibale madzulo alionse.

Chilonda chikapezeka kale?

Tsukani ndi normal saline, yezani kutalika, kufupika ndi kuya kwake, mulembe. Mnofu wakufa ndi khungu lolimba la m'mphepete zichotsedwe ndi wodziwa, koma ngati kugunda kwa mitsempha sikukumveka ndipo chala chauma n'kuda, musadule, tumizani. Kachitsulo koyera kopimira kuya kwa chilonda kakafika pa fupa, matenda alowa m'fupa. Kufiira kofalikira, kutupa, fungo, mafinya, kapena shuga kukwera popanda chifukwa ndi zizindikiro zoti agonekedwe. Musadikire kutentha thupi, ambiri satentha.

Chilonda cha pansi pa phazi sichipola munthu akuchiponda, ngakhale mutamanga bwino chotani. Apeze ndodo, achepetse kuyenda. Ogona pabedi zidendene zikhale m'mwamba, pilo ali pansi pa akatumba, ndipo atembenuzidwe maola 2 alionse.

Wofuna kusala kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero timuuze chiyani?

Abwere mwezi umodzi kapena iwiri kusala kusanayambe kuti mankhwala akonzedwe. Wa mtundu woyamba amene shuga sakhazikika, woyembekezera, wa impso zofooka, ndi amene anakomokapo posachedwa, alangizidwe kuti asasale. Wosala amasule pomwepo shuga akatsika pansi pa 3.9 kapena akakwera kupitirira 16.7 mmol/L. Pomasula ayambe ndi madzi, osati zakumwa zotsekemera.

Nanga amayi oyembekezera?

Malire awo ndi otsika: 5.1 mmol/L asanadye ndi wokwera kale. Kumene n'kotheka amayezedwa pa milungu 24 mpaka 28 pomwetsedwa magalamu 75 a glucose, ndipo 8.5 pakatha maola 2 ndi chizindikiro. Amene anali kale ndi shuga asiye mankhwala a BP a enalapril ndi mapilitsi otsitsa mafuta m'magazi akangodziwa kuti aima, makamakanso asanaime, ndipo ambiri amasamukira ku insulini. Achilire ku chipatala chokhala ndi fiyeta chifukwa mwana amakula kwambiri. Akangobadwa ayamwe mkati mwa ola loyamba ndipo ayezedwe shuga, poti thupi lake linazolowera kupanga insulini yambiri. Mayi naye insulini imene amafuna imatsika kwambiri nsengwa ikangotuluka, mlingo wakale ungamugwetse. Amene shuga anayamba ndi mimba ayezedwenso pakatha milungu 6 mpaka 12.

Pa kiliniki ya mwezi ndi mwezi tiyeze chiyani?

Sikelo, BP, shuga, mapazi, ndi malo obaya. Kwa ambiri timafuna shuga wa m'mawa akhale pakati pa 4 ndi 7 mmol/L, pakatha maola 2 atadya akhale pansi pa 10, HbA1c pansi pa 7%, ndipo kwa okalamba timalolera kufika 8% poopa kuwagwetsa. BP ikhale cha pa 130/80. Sitiroko ndi impso zimagwira odwala shuga ambiri kudzera mu BP yonyalanyazidwa, choncho isaiwalike pothamangira nambala ya shuga. Kamodzi pachaka ayezedwe mapuloteni mu mkodzo, creatinine (muyeso wa impso), ndi mkati mwa maso. Maso amawonongeka munthu akuonabe bwino, ndiye asadikire kuti ayambe kuona mdima. Ku Blantyre chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Queen Elizabeth Central Hospital.

Funsaninso zimene odwala sayamba okha kunena: kuchepa mphamvu kwa abambo m'nyumba, kukhumudwa, fodya, ndi ndalama ya ulendo. Ena amadziletsa kudya dzulo lake kuti nambala ioneke bwino pa kiliniki. Mukawakalipira chifukwa cha nambala yokwera, ndiye mwawaphunzitsa zimenezo.

Kodi mankhwala azitsamba amachiza shuga?

Palibe chitsamba chimene chatsimikizika kuti chimachiza shuga. Ngozi yaikulu ndi kusiya insulini chifukwa cha botolo la pamsika kapena chifukwa wauzidwa kuti wachira. Funsani mwaulemu zimene akumwa, chifukwa mukanyoza sadzakuuzaninso, ndipo zina mwa zimenezo zimapweteka impso ndi chiwindi.

Asanatuluke m'chipatala, wodwala ndi womudikirira akhale atadziwa chiyani?

Kuphunzitsa kuyambe tsiku logonekedwa, osati pa khomo atanyamula kale katundu. Wodwala akoke yekha insulini ndi kudzibaya inu mukuona, osachepera kawiri, ndipo wachibale mmodzi achitenso chimodzimodzi. Wosaona bwino manambala muikireni chizindikiro pa sirinji yachitsanzo. Wosawerenga mujambulireni dzuwa pa mlingo wa m'mawa ndi mwezi pa wa madzulo. Musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa aliyense amavomera. Nenani kuti, "Amayi, tandiuzani, bambowa akayamba thukuta ndi kunjenjemera muchita chiyani?" ndipo mumvetsere yankho lonse.

M'buku la kuchipatala mulembe mtundu wa shuga, dzina la insulini, mayuniti a m'mawa ndi a madzulo, ndi tsiku lobwerera. Werengani ngati insulini ndi masirinji zikwanira mpaka tsikulo: kabotolo ka mamililita 10 ka U-100 kali ndi mayuniti 1,000, ndiye wobaya mayuniti 40 patsiku kamuthera pa masiku 25, mwezi usanakwane. Woteroyo apatsidwe mabotolo awiri, kapena tsiku lobwerera lifupikitsidwe.